Yamikani Sangawoloke Malire

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Esinati. Kuno ku Indianapolis kwayamba kuzizira, moti m'mawa ndisanapite kuntchito kuchipatala ndimayamba ndapala madzi oundana pagalasi la galimoto.

Za ku Phalombe mwina mukuzidziwa kuposa ine. Azakhali analima munda wanu. Akuti nandolo anachita bwino, koma chimanga chinapsa ndi dzuwa. Mwana wawo Fatsani ali ndi khanda lalikazi ndipo alipatsa dzina lanu. Pafoni ndimangoti "kamwanako", dzinalo likundikanikabe kutchula.

Nkhani yomwe ndikulemberayi ndi ya Disembala. Chaka chilichonse tchuthi changa ndinkasungira inu. Ulendo uno atandifunsa kuntchito kuti ndinyamuka liti, ndinawauza kuti chaka chino kumudzi sindipita. Ndikakafika ndikagogoda pachitseko cha yani? Bambo a Tadala ndiwo anati tisakhale m'nyumba kumangoyang'anana, tipite ku Canada mwana akaphunzire kusikiya. Amayi, kusikiya n'kumanga timatabwa tatitali kumapazi n'kumatsetsereka paphiri la sinoo. Ndikudziwa mukuseka. Muja munabwera kudzandithandiza Tadala atabadwa, munaima pawindo n'kunena kuti, "Ufa wonsewu ukungotayika pansi, anthu osaola?"

Tinapeza malo awiri. Ena ndi a ku Quebec, kofikika pagalimoto, ndipo kuli aphunzitsi a anthu osadziwa ngati ife. Ena ndi a ku Alberta, kutali, kofunika ndege. Bambo ake amafuna oyambawo. Ine ndi Tadala mtima unali ku Alberta. Iye chifukwa anzake akusukulu anapitako, ine chifukwa pachithunzi phirilo linaima ngati la Mulanje litafunda nsalu yoyera.

Loweruka lapitalo ine ndi Tadala tinapita ku South Bend kukaona mlongo wanga Yamikani. Ndinadzera pa Lafayette Road kumugulira usipa. Mwana wanu waonda, Amayi. Akugwirabe kunyumba yosamalira okalamba ija. Titadya, Tadala anatsegula laputopu kuwaonetsa amalume ake mapiri aja, kenaka anawafunsa m'Chingerezi chakecho ngati apita nafe.

Yamikani anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Pitani, achemwali," anatero akuyang'ana ine. "Mukafika pamwamba mudzandiimbire vidiyo, ndidzaone nawo."

Mapepala ake okhalira kuno sanatulukebe. Iye akangotuluka m'dziko muno sangabwererenso. Ndi chifukwa chake sanabwere kumaliro anu. Tsiku lija ine ndinaima pamanda nditakweza foni m'mwamba kuti aone, netiweki ikudukaduka, iye akungofunsa, "Atsitsa kale? Achemwali, atsitsa kale?" Pomwe chithunzi chinabwerera, anyamata anali atayamba kukwirira.

Kenaka tinabwerera kunyumba. Titafika ndinawauza bambo a Tadala kuti za Canada zatha, tipite ku Michigan, kufupi ndi South Bend, komwe kulinso malo osikiya ndipo sitiwoloka malire. Iwo anangogwedeza mutu kuvomera. Tadala analira. Akuti limenelo si phiri, ndi chulu. Sananame, ndaona zithunzi zake. Ndinamufotokozera za amalume ake, anamvetsera, koma mpaka lero akundiyankha mawu amodziamodzi.

Ndinkaganiza kuti Yamikani akondwera. Nditamuimbira anakwiya.

"Mwamulanda mwana ulendo chifukwa cha ine? Ndikhala ndikumuyang'ana bwanji? Musamandimvere chisoni, achemwali, chimandilemera."

Ndinati si chisoni, ndikungofuna tikhale limodzi Disembala woyamba wopanda inu. Iye anati akuchedwa kuntchito, n'kudula.

Ndiye pano ndili pakati, Amayi. Mwana wandikwiyira, mlongo wanga wandikwiyira, ndipo sindikudziwa ngati ndachita bwino. Mukanakhala inu mukanamuimbira kamodzi kokha, iye n'kulongedza chikwama. Ine mawu amenewo ndilibe. Ndabuka chipinda cha mabedi atatu ndi kena kopinda. Yamikani ndamugulira magolovesi, ali m'galimoto. Sananene kuti abwera, sananenenso kuti sabwera.

Tili ana, popita kusukulu m'mawa munkandikuwira muli pakhonde kuti, "Esinati, usamusiye mnzako kumbuyo, miyendo yake ndi yaifupi." Pano ndi wamtali kundiposa, koma m'mawa wa ulendowo ndidzaimika galimoto pakhomo pake ndipo ndidzadikira.

Tsiku lomwe mapepala ake adzatuluke, ulendo wake woyamba udzakhala wobwera kwa inu. Ndidzabwera naye ndekha, adzaime pamanda panu ndi mapazi ake, foni ili m'thumba. Limeneli ndalonjeza.

Ndimakukondani, Amayi.

Mwana wanu,
Esinati