Chala cha Amayi pa Penti

Chiringa,
Phalombe.
14 Ogasiti 1996.

Okondedwa achimwene a Tobias,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Milanjeko. Kuno tikudzuka. Chimanga sichinachite, koma chinangwa chatipulumutsa.

Katundu amene ndapatsira a Makina pamodzi ndi kalatayi musamutsamiritse matumba, chonde. Ndi chithunzi cha pathabwa, ndipo ndajambula ndine. Musaseke! Ndikudziwa mukuti Belita wolephera ngakhale kuzira nyumba uja wayamba liti zimenezi.

Munalemba kuti mwafunafuna manda a bambo osawapeza, tchire lamera ponseponse ndipo anthu akuopabe mabomba okwirira. Amayi atamva sanadye tsiku limenelo. Paja mwa amene anaika malirowo pothawa nkhondo paja, inu mutatsogola mutandibereka, otsala ndi iwo okha. Miyendo yoti akafikire kumeneko alibe. Akamafotokoza pakamwa ankangoti phiri, mtsinje, mtengo. Nanga ku Mozambique kuli phiri limodzi?

Ndiye ndinapita kwa a Goliati, amene amalemba zikwangwani za magolosale pamsika pano, kukawapempha kuti atijambulire malowo. Anakana. Akuti, "Koti sindinapondeko ndikujambula bwanji? Iwe ndiye unadutsako. Gwira bulashi." Anandiphunzitsa kusakaniza penti ya oyilo, kuisungunula ndi palafini, kuyamba ndi zakutali n'kumabwera pafupi. Koma kukalipa kwake, abale! Phiri langa loyamba anati ndi chulu, n'kulifufuta ndi sanza ine ndikuona. Ndinachoka nditalumbira kuti sindidzapondanso, m'mawa mwake ndinali komweko.

Ubwino wa penti imeneyi ndi woti imachedwa kuuma, ukalakwitsa umapala n'kukonza. Madzulo ndinkabwera nalo thabwalo kunyumba, amayi n'kumandidzudzula. "Mwana iwe, udzu wobiriwirawu wautenga kuti? Anali atatentha ponse." Ndinadetsa udzu. "Nyumba izi zinalibe madenga." Ndinachotsa madenga. "Mlatho unagwera mbali ino." Achimwene, ine ndinkati zonse ndinaiwala, koma nditapaka utsi kuseri kwa mitengo ya mibawa ya kumtsinje, fungo lake linandibwerera. Ndinakasanza kuseri kwa nkhokwe.

Chinatsala ndi manda enieniwo. Ndikawafunsa amayi ankangoti, "Mawa, mwanangu, lero mtima sukufuna." Ine ndi phuma langali ndinkang'ung'udza, iwo osasintha.

Tsopano ndinene zimene ndakhala ndikuzizemba. Sabata yatha amayi anagwa pochokera kudimba. Kuchipatala akuti ndi matenda ofa ziwalo. Mbali yakumanja yonse yafa, ndipo mawu sakutuluka. Titabwerera kunyumba ndinasowa chochita ndi manja anga, ndinangotenga bulashi n'kumapakanso nthaka ya m'chithunzimo, nditakhala pambali pa mphasa yawo. Ndinaona akuyang'anitsitsa, ndiye ndinawasendezera thabwalo. Anakweza dzanja lamanzere movutikira n'kudinda chala pa penti yaiwisiyo, pakati pa mwala waukulu ndi m'bawa wachiwiri kuchokera kumtsinje. Ndinati, "Amayi, ndi pamenepa?" Anavomera ndi mutu, misozi ikutsikira m'khutu.

A Goliati ataona anati paonongeka, asalazepo. Ndinawalanda bulashi, akuluakulu omwewo.

Choncho pamene pakuoneka ngati ndinalakwitsapo ndi pomwe agona bambo. Penti yake sinaumitsitse, ana asakhudze. Ndipo musalowe m'tchiremo nokha, yambani mwafunsa anthu ochotsa mabomba aja. Maliro ena sindingawathe ine.

Mukawapeza mandawo musalembe kalata. Bwerani mudzawauze nokha amayi. Makutu awo akumvabe, koma phala akungolawa, ndipo ine ndili ndi mantha, achimwene.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi ndawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Angoyang'ana kumsewu.

Ndine mlongo wanu,
Belita.