Tambula Yachiwiri ya Bambo

Achimwene Ctibor,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Ostrava pamodzi ndi alamu anga a Jarmila ndi ana. Kodi chifuwa cha Matouš chija chinatha? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma bambo thupi lili bwino.

Ndikudziwa kuti bambo anakuimbirani foni Lamulungu kuti mubwere mudzatenge mofululira mowa mwathu muno. Musanagule tikiti ya sitima, mumve kaye zanga.

Pali chinthu chimene simukuchidziwa. Chidwalireni matenda aja zaka ziwiri zapitazo, mphuno ya bambo inafa. Fungo samva, mowa mkamwa mwawo uli ngati madzi ozizira basi. Ndinazindikira tsiku lina nyama itapserera pamoto, iwo ali khale pomwepo ndi nyuzipepala yawo. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale amayi. Anati, Vendula mwana wanga, kuyambira lero mphuno yanga ndiwe.

Ndinavomera. Mgolo uliwonse ndinkalawa ndine, matamando nkumapita kwa iwo. Mukudziwa mmene madoda a pa tebulo la pangodya amakondera kuwayesa, kuwaikira matambula osalemba dzina kuti aloze mowa wawo. Tinapangana chizindikiro. Pobweretsa matambulawo, ya mowa wathu ndinkaiika chogwirira chitaloza dzanja lawo lamanja. Sanaphonyepo, ndipo anthu ankawatchula dzina, amvekere lilime la Lubor ndi la mfiti.

Koma mphuno imene sakuimvera ndi yantchito yanji? Ndinawauza kuti yisiti yathu yatopa, mowa ukumveka batala mopitirira. Anati kabatala kameneko ndi dzina la banja lathu, agogo ankafulula choncho. Ndinati inde, kabatala ka patali, osati kopaka pa buledi. Ndinapempha yisiti yatsopano, ndiponso kuti mowa uzigona mozizira masabata asanu ndi limodzi, osati anayi. Anaseka, nati pepala silifulula mowa. Zaka zisanu ndinaphunzira ntchito imeneyi ku Prague, achimwene, koma pamaso pa makasitomala ankandiitana kuti dokotala wa thovu, bwera upukute tebulo.

Loweruka masana a Šimandl, ofulula a mudzi wa kutsidya aja, anabwera ndi kamgolo kawo. A Kubát, aja ankagwira ku positi, ndiwo anasonkhezera moto. Anati tiyeni tione ngati nkhalamba yathuyi idakali ndi mano. Anagwirizana matambula atatu: wathu, wa a Šimandl, ndi wa m'botolo wotchipa wa m'sitolo. Wothira ndinali ine.

Ndinalawa onse kuseri. Wa a Šimandl, ndinene zoona, unali wabwino: kuwawa koyera kwa hopu wa ku Žatec, timaluwa towawitsa mowa tija, thovu lokhuthala losiya mizere pa galasi. Wa m'sitolo unali wamadzimadzi, kafungo ka katoni yonyowa. Wathu unali wokongola ngati uchi, chimera chikumveka ngati khoko la buledi, kenaka batala uja nkumata mkamwa monse.

Ndinaika wa m'sitolo pachiwiri, ndipo chogwirira chake ndinachilozetsa kumanja kwa bambo. Sikuti ndinasokoneza ayi, ndinachita dala.

Bambo ananyamula tambula yachiwiriyo, kuiunika pa windo, kuinunkhiza ngati akumva kanthu. Atamwa anatseka maso, nati uyu ndiye mwana wanga, ngakhale m'manda ndingamuzindikire. Kenaka analawa yachitatu, imene inali yathu. Anakwinya nkhope, nauza a Šimandl kuti, mnzanga, uwu ukapatse nkhumba zako, koma uyambe wazipepesa.

A Kubát atawerenga kapepala kamene ndinalembapo mayankho, nyumba yonse inaphulika. Wina anagwa pa benchi. A Kubát anati, Lubor, ndiye zaka makumi anayi zonsezi umatimwetsa za nkhumba? A Šimandl anasisita bambo paphewa, nati usadandaule mkulu, botolo limenelo lili pa mtengo wotsika sabata ino, ukagule kireti uzikumbukira mwana wako.

Bambo sanaseke. Anayang'ana chogwirira, kenaka anayang'ana ine. Anatenga kakatoni ka pansi pa tambula nkukavundikira pamwamba, monga achitira munthu amene wamaliza kumwa, nakwera kuchipinda. Chiyambire tsikulo sanatsikeko ku migolo. Akakumana nane pamakwerero amandipatsa moni wa inu, ngati ndine mlendo wochokera ku boma.

Amayi akuganiza kuti ndi ukalamba chabe. Musawauze.

Mwina mukuti ndine woipa mtima. Nenani. Ine ndikuti mowa wathu unali kufa, ndipo wina anayenera kunena mokweza. Ndikanadikira kuti bambo avomere okha, ndikanamera imvi ndi nsanza m'manja. Yisiti yatsopano ndaika kale Lolemba.

Tsono pempho langa ndi ili: akanireni. Akukuitanani osati chifukwa mumadziwa kufulula, koma kuti andilange. Inu ndinu munthu wa makina a m'fakitale, ndipo tonse tikukumbuka kuti pa ukwati wanu munkathira madzi a mandimu mu mowa. Auzeni kuti ntchito yakugwirani, auzeni kuti alamu akana, auzeni chilichonse. Makiyi akhale kwa ine.

Mukabwera ngati mlendo, bedi lanu ndiyala ndekha. Koma mukabwera kudzatenga makiyi, madoda a pangodya adzafuna kukuyesani tsiku loyamba lomwelo, ndipo wothira adzakhala ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni komweko ku Ostrava.

Ndine mlongo wanu,
Vendula