Buku lomwe munasiyira Tadala

Amayi, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji?

Kuno mvula inadula msanga. Chimanga cha ku Magaleta sichinafike ngakhale theka la nkhokwe, koma nandolo wayesako. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane anachira mu Epulo, mwana wamkazi. Abambo miyendo ikutupabe. Amangokhala pakhonde tsiku lonse, osalankhula ndi munthu.

Ndalemba chifukwa cha buku lanu lachingerezi lija, lomwe munalandira ngati mphoto muli Fomu 2. Kuchipatala munandiuza kuti ndidzampatse mng'ono wanga Tadala akamalowa m'banja. Chinkhoswe chake chili mwezi wamawa, ndiye ndinati ndiyambe ndaliwerenga. Paja munkati, "Amene sanawerenge ili, chikondi amangochimvera kwa anzake."

Ndaliwerenga kawiri, Amayi, ndipo ndakhumudwa. Chingerezi chake n'chokoma, sindikana. Koma ndinafufuza tsamba ndi tsamba chabwino chimodzi chomwe mwamuna wa m'bukumo anamchitira mkazi yemwe amati amamukonda, sindinachipeze. Amamulondalonda, amamudanitsa ndi abale ake, akakanidwa amadwala dala kuti amvetse chisoni. Mkaziyo akungoonda mutu uliwonse, wolemba n'kumati chimenecho ndi chikondi.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi pensulo yanu. Munadula mzere pansi pa ndime iliyonse yomwe mwamunayo akuchita nsanje. Pa tsamba lina munalembapo dzina la abambo. Ndinakumbuka mmene ankaimira kuseri kwa zenera la tchalitchi inu mukuphunzira nyimbo, mpaka munasiya kwaya. Ulendo wokagulitsa manachesi ku Zalewa munausiyanso. Tikafunsa munkaseka n'kunena kuti, "Mwamuna wopanda nsanje ndi mlendo m'nyumba." Ine ndinkakhulupirira.

Tsopano Tadala. Mnyamata wakeyo amamulanda foni n'kumawerenga mameseji. Wamuuza kuti akakwatirana asiye sukulu ya unamwino. Tadala amafotokoza zimenezi akumwetulira, ndendende mmene munkamwetulirira inu. Nditamuchenjeza anandiyankha kuti ine ndimadziwa mabuku okha. Mwina akunena zoona. Koma zomwe ndinaona m'nyumba mwathu zaka zonse zija sindinaziwerenge m'buku.

Choncho sindimpatsa. Ndikudziwa kuti mawu a womwalira saphwanyidwa, ndipo azakhali akamva andinena mpaka kumanda. Kuliwotcha sindingathe. Muli zolemba za dzanja lanu, ndipo zotere zatsala zochepa. Ndalitsekera m'sutikesi kwanga ku Chifunga. Tadala akafunsa ndimuuza chifukwa chake, sindinama kuti linatayika.

Sindikudziwa ngati chinkhoswecho chiime. Mwina ayi. Chomwe ndikukulonjezani n'chakuti Lolemba lililonse ndizimuimbira kufunsa ngati wapita m'kalasi, mpaka atamaliza, kaya andida.

Mundikhululukire, Amayi. Ndimakukondani.

Ine mwana wanu,
Esinati