Dzina la amayi pa mbale ya nkhuku ndi kirimu

Aphungu,

Papita milungu itatu chibwerereni ku Australia, koma mtima sunakhalebe m'malo. Ndine mayi wa zaka 64, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikukanda ndi kusalaza pasita, chakudya chathu cha ufa wa tirigu, m'malo odyera kuno kwathu ku Budrio, kwa Ataliyana. Achimwene anga a Nerio anakwera sitima yapamadzi ali ndi zaka 19, ine ndili ndi zisanu ndi zitatu. Anabwerako kamodzi kokha, pa maliro a amayi. Chaka chino ananditumizira tikiti kuti ndikaone lesitilanti yawo ku Melbourne.

Tsiku loyamba anandikhazika pa tebulo la pawindo n'kundipatsa menyu ndi manja awo, akumwetulira. Aphungu, ndinaiwerenga kawiri poganiza kuti magalasi akundinamiza. Msuzi wathu wa nyama athira pa sipageti! Pitsa ya chinanazi! Nkhanu za m'nyanja zowazidwa tchizi! Pa tebulo loyandikana, bambo wina ankatsitsira chakudya chamasana ndi khofi wamkaka, amene kwathu timamwa m'mawa mokha, popanda womuletsa. Zonsezi ndinangomeza, poti ndinali kwa eni.

Kenaka diso linagwera pamwamba penipeni, pa zilembo zagolide: "Tagliatelle za mayi Argia". Dzina la amayi athu limenelo, pa pasita wathu wodulidwa ngati timalamba. Ndinaitanitsa nthawi yomweyo. Mbale itafika ndinasuzumiramo. Munali nkhuku, bowa, kirimu wosefukira, pamwamba n'kudulirapo mapeyala. Amayi anga, amene ankawiritsa msuzi maola anayi, amene sanaikepo nkhuku pa pasita ngakhale tsiku limodzi!

Ine pakamwa panga sipadziwa kusunga. Ndinakankha mbale ija n'kunena mokweza kuti, "Achimwene, manyazi mulibe? Amayi akanaona zimenezi akanakuthamangitsani ndi ndodo yosalazira. Chotsani dzina lawo pa phala limeneli!"

Alamu anga a Noeleen anagwira pakamwa, makasitomala anaika mafoloko pansi. A Nerio anavula epuloni pang'onopang'ono nati, "Iwe unakhala nawo zaka makumi anayi, unatenga manja awo. Ine ndinachoka ndi dzina lokha. Nalonso ukufuna undilande?"

Masiku otsalawo tinkangopatsana moni wa m'mawa basi. Chibwerereni sanaimbe foni, ndipo zikundipweteka. Mu Novembala mdzukulu wawo akukwatiwa, phwando lidzakhala mu lesitilanti momwemo, koma khadi langa lafika lolembedwa ndi a Noeleen okha. Ndipite kodi? Ndaganiza zowatumizira kaphikidwe kenikeni ka amayi kuti akonze menyu yawo ukwati usanafike. Nanga ndinalakwa pati, poti ndinanena zoona?

O.Z., Budrio

Mayi O.Z.,

Ndisaname, mapeyala pa tagliatelle inenso andiimitsa mutu. Koma chandidzidzimutsa koposa ndinu. Kuuluka tsiku lathunthu kukaona mlongo wanu, n'kukafika ngati woyendera makhitchini!

Menyu ya Chitaliyana ya kunja saiwerenga ngati ya ku Budrio. Mayina ndi athu, inde, koma m'mbalemo muli zimene abale athu anakazipeza kumeneko ndi zimene eni dziko anavomera kudya. Achimwene anu anachoka nthawi imene ana aamuna sankawalola kuyandikira mbaula. Kuphika anakaphunzirira m'makhitchini a eni. Chakudya chimene anthu anachikonda kwambiri, chimene chinalera ana awo, anachipatsa dzina la munthu amene ankamusowa kwambiri, ndipo anakukhazikani pawindo kuti mulione. Inu munapenyetsetsa nkhuku ndi kirimu, tanthauzo la dzinalo munalilumpha.

Kaphikidweko musatumize, kadzafika ngati chidzudzulo chachiwiri. Imbani foni sabata ino, inuyo, osadikira iwo, ndipo mupepese popanda kuikapo "koma". Ku ukwati pitani, ndipo mukafike masiku angapo phwando lisanachitike.

Mukakakhala pa tebulo, musakadalire dzina chifukwa choti mukulidziwa. Mukafunse kaye kuti, "M'menemu mwaikamo chiyani?" Chimene mtima wakana mukachisiye mwakachetechete, mukatenge nsomba yowotcha ndi masamba. Koma mbale ya mayi Argia mukaitanitse, mukaimalize ngakhale kirimu akukanireni pakhosi, kenaka mukawafunse kuti inayamba bwanji. Mukamva zambiri za mlongo wanu zimene simunazimvepo. Ndodo yanu yosalazira ikakhale pansi pa sutikesi, ikatuluke pokhapokha iwo atapempha okha kuti muwaonetse mmene amayi ankachitira.

Koma samalani. Amati chibale ndi fupa, sichiola, komatu fupa la munthu wa zaka 75 likathyoka sililumikizika msanga, ndipo pakati panu pali nyanja. Mukamakadya musakayerekeze kunena kuti amayi sankaphika chonchi. Akudziwa kale. Akhala akudziwa tsiku lililonse limene anyamula mbale imeneyo kupita nayo pa tebulo.

Aphungu