Mitengo ya Pagoli ku Rivirivi

Rivirivi, Balaka, 1952

Asuweni anga a Jasten,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tadzuka, mvula yayamba.

Mwafunsa za timu yathu ija ya Nyenyezi. Inatha, asuweni, inangosewera chilimwe chimodzi basi. Mutachoka inu, anyamata ena anakwera sitima kukutsatirani, ndipo m'bwalo muja analimamo thonje. Mitengo ya pagoli tinazula, n'kupangira chithatha chonyamulira maliro a mnzathu Wadson, amene anabwerako kumgodi akukhosomola.

Mpira ndikusunga ine. Ndimaupopabe Loweruka lililonse, koma wondimenyera palibe. Nanga goloboyi ngati ine angagwirenji ali yekha?

Mwalemba kuti nanunso kachifuwa kakukuvutani pang'ono. Iyayi, azakhali sindinawauze. Koma mitengo ija inatha, asuweni. Mubwere ndi miyendo yanu.

Ndine msuweni wanu,
Elliam