Khasu la Ochedwa

Lolemba, 14 Januwale 1985

Mvula yakata m'mawa, phiri laonekako pang'ono. Ochedwa lero anali pafupifupi theka la sukulu. A Pilato, ahedi athu, anawandandalitsa pamtengo wa mbendera, aliyense zikoti ziwiri, kenako makasu m'manja, ulendo kumunda wa sukulu. Ine m'Sitandade 7 mwanga ndatsala ndi mabenchi. Ndaphunzitsa mabenchiwo masamu. Amamva bwino, sasokosa.

Enifa analinso m'gulu la makasu. Mwana amene amamaliza samu ine ndisanatsitse choko! Amayamba wakapereka chakudya kwa mayi ake kumunda wa tiyi, ndiye afike msanga bwanji, auluke?

Mu ofesi a Isake a Sitandade 2 akuti, "Mayi Hafudigiri, nkhope yagwa bwanji?" Dzina langa ndi limenelo masiku ano. Zaka ziwiri ku koleji ku Zomba, bambo kudwala, ine kubwerera kumudzi, basi, Hafudigiri. Hafu yangayo ikuposa mitu yawo yonse ataiphatikiza. Ndinatola choko n'kutuluka. Ndayankha muno m'buku langa.

Lachiwiri, 15 Januwale

Ndadziwa lero chifukwa chake chimanga cha sukulu chili chobiriwira kuposa cha mudzi wonse. Ndawamva ndekha a Pilato akuuza mnyamata wa belu kuti, "Imba tsopano, udzu wachuluka." Nthawi inali isanakwane. Kani nyengo yopalira belu limafulumira! Sukulu ino imadalira ana olakwa. Onse atati akhale abwino, chimanga chingafe.

Lachitatu, 16 Januwale

Ndakumana ndi mayi Anesi, mayi ake a Enifa, pamsika wa Chinakanaka. Dengu la tiyi likadali kumsana, zala zakuda bii ndi masamba. Moni wa Chilomwe, kenako nkhani mosazungulira.

"Aphunzitsi, mwana wanga amabwera ndi matuza, osati makope odzaza. Ngati kusukulu n'kolima, bola adzathyole tiyi. Kumeneko thukuta amalipira."

Akuti Lolemba lomaliza la mwezi uno akamulembetsa kwa kapitawo. Ndawapempha kuti adikire. Akuti kudikira ndiko kumeneko, mpaka Lolembalo. Sindingawanene kuti ndi opusa. Ndikanakonda akanakhala opusa, ndikanagona bwino.

Lachinayi, 17 Januwale

Msonkhano wa aphunzitsi. Ndinalonjeza mtima wanga kuti ndikhala chete. Lilime langa silinamve nawo lonjezolo.

Ndati tisiye chibalo cha khasu, ana akuthawira ku esiteti. A Pilato anavula magalasi: "Mwambo, mayi. Ngodya zinayi za dziko lino mukuzidziwa, kapena ku Zomba munachoka asanaphunzitse zimenezo?" A Isake kiki kiki.

Ndati, "Ndikuzidziwa, bwana. Yoyamba ndi Umodzi. Ndiye tipalire tonse tsiku limodzi, aphunzitsi ndi ana, ngati dima la kumudzi. Kapena Umodzi sugwira khasu?"

Ndani angatsutse Umodzi mokweza, mawindo ali otsegula? A Pilato andipatsa sabata yamawa: popanda chikoti, popanda chibalo, belu panthawi yake, dima Lachisanu. "Koma chimanga chikamira mu udzu, udzuwo mudya ndinu." Chabwino. Ndadyapo zoipa kuposa udzu.

Lolemba, 21 Januwale

Tayamba. Paasembule ndaitana ana amene achita bwino mmodzimmodzi, monga tinkaphunzirira ku koleji: yamikira chabwino pagulu, chidzabwerezedwa. Enifa ndamuimika kutsogolo, ndanena kuti masamu palibe womuposa, sukulu yonse iwombe m'manja. Anangoyang'ana zala za kumapazi. Manyazi a atsikana, atha.

Ndadziphikira mazira awiri. Ndayenera.

Lachiwiri, 22 Januwale

Enifa sanabwere. Ochedwa achuluka kuposa kale, akulowa mochita kuyenda ngati akwati, poti chikoti chili patchuthi. A Isake akuti, "Digiri ikugwira ntchito."

Madzulo mayi Anesi anali pakhomo panga, mpando anaukana. Akuti mwana wadzuka mutu ukuphwanya, ndipo kumalaini a esiteti amayi akunong'onezana kuti Anesi wabala bwana. "Mwandiimikira mwana yekha pachulu, aphunzitsi. Anthu ali ndi maso. Mukufuna ndimuike m'manda chifukwa cha masamu?"

Ndinafuna kuwauza kuti mutu umapweteka ndi malungo, osati maso a anthu. Kamodzi kokha m'moyo ndaluma lilime. Ndinakulira konkuno ine. Mayi anga omwe sanauze munthu kuti ndasankhidwa kupita ku Zomba mpaka basi itanyamuka. Ndinaiwala bwanji zimenezi?

Lachitatu, 23 Januwale

Ndinalawirira n'kukaima pachipata, kungoyang'ana. Ana safika mmodzimmodzi. Amafika m'magulu monga mwa njira zawo: akumalaini, akutsidya kwa mtsinje, akumsika. Akachedwa amachedwa onse. Chikoti chakhala chikumenya ana pamlandu wa njira.

Ndiye paasembule sindinatchule dzina la munthu. Ndati gulu limene lifike lathunthu belu lisanalire, mpaka kamwana ka Sitandade 1 kokoka mamina, ndilo litsogolere nyimbo padima, ndipo sabata yamawa yonse belu likhala lawo, mbendera akweza ndi iwo. Belu lathu ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo wa mango, koma anawa amalisirira ngati shuga. Kunali phokoso! Akumsika kale kudzitama kuti iwo ali pafupi. Mtsikana wina wakutsidya: "Pafupi pomwepo mumafika maso ali ndi manthongo!"

Ndatumiza uthenga kwa Enifa kudzera kwa anzake: palibenso womuimika kutsogolo.

Lachinayi, 24 Januwale

Ee! Akutsidya afika malaya anyowa mpaka m'chiuno, akuluakulu atabereka tiana powoloka. Zimphona zimene zinkalanda tianato chinangwa pabuleki, lero n'kumatipukuta mapazi ndi masamba. Koma anasowa mmodzi, anatsalira kuthamangitsa mbuzi. Atatulukira mnzawoyo anamukalipira okha, ine osatsegula pakamwa.

Akumalaini ndiwo andidabwitsa. Onse amene amapereka chakudya kumunda wa tiyi anakagwirizana ndi a Hudson oyendetsa thirakitala yonyamula masamba. Zitini zonse za chakudya zakwera ngolo, chilichonse atachimanga ndi kansalu ka mwiniwake. Palibe mphunzitsi anawauza. Afika akuimba, athunthu, Enifa ali pakati pawo pobisika. Sindinamuyang'ane n'komwe. Ndangoika samu yovuta pabolodi, ndipo kope lake linabwera lachitatu, mwadala, yankho lili lolondola.

Akumsika achedwa. Ndaseka mpaka m'mimba kupweteka.

Lachisanu, 25 Januwale

Dima. Akumalaini afikanso athunthu, ndiye nyimbo zinali zawo. Mzere umodzi kuchokera kumpanda mpaka kuchulu, wamkulu pambali pa wamng'ono, tiana tikuzula ndi manja. Ine khasu ndinalisiya kalekale, linandikumbutsa kuti ndine mwana wa ndani. A Isake akupalira akudandaula msana: "Mayi Hafudigiri, mwatipha." Ndati, "Mukafa tikuikani pomwepa, chimanga chikondwa." Aseka. Dzina lija lero silinalume kwenikweni.

A Pilato anaima pansi pa ambulera, chikoti m'khwapa mwachizolowezi. Ana anapeka nyimbo pomwepo yofunsa kuti mlendo wa ambulera adya nawo chiyani mondokwa zikacha. Ndinati basi zathera pano. Iwo anayang'ana uku ndi uku, anazika chikoti pansi, n'kupachikapo jekete. Munthu uja amapalira! Mzere wake unali patsogolo pa tonsefe, ana kukuwa ngati kumpira.

Dzuwa lisanafike pamutu munda wonse mbee, ntchito imene chibalo chimaikoka milungu. Makolo ena anabweretsa thobwa osapemphedwa. Titatha tinalowanso m'kalasi, mabenchi onse odzaza.

Mayi Anesi anadutsa pamsewu pochokera kusikelo ya tiyi, anaima pang'ono kuyang'ana munda. Kenako anapitiriza ulendo wawo. A Pilato za sabata yamawa sanenapo.

Lamulungu, 27 Januwale

Manja atupa, cholembera chikuvuta. Mawa ndi Lolemba lija. Kutchalitchi ndapempherera mwana wa eni, ine amene ndinaleka kudzipempherera.

Lolemba, 28 Januwale

Ndinadzuka mochedwa, thupi lonse ngati andipuntha. Ndikumanga nsapato ndinamva belu, lolira mwamphamvu ngati wolimenyayo ali nalo ngongole. Ndinathamanga, ine Christobel, mpango m'manja, matope mpaka m'miyendo.

Sukulu yonse ili kale m'mizere, mbendera pamwamba. Pansi pa mango gulu lonse la kumalaini launjikana, ndipo chitsulo chomenyera belu chili m'manja mwa Enifa. Yunifomu, osati dengu.

A Pilato m'khwapa mulibe kanthu, chikoti chikadali kumunda komwe anachizika. Anayang'ana wotchi yawo, kenako ine.

"Mayi, wochedwa lero ndi mmodzi yekha pasukulu yonse. Enifa, timutani?"

Mwana uja anaweramitsa mutu, akulimbana ndi kuseka.

"Akhululukidwe, bwana. Gulu lawo alibe. Mawa tidzawadzera."