Mawu Amene Ndinabwereka ku Kanyama

Lolemba, 9 Juni

Komboni yathu yonse ya Kanyama yamva uthenga wa mawu uja pa WhatsApp. Mawu a Ba Elesi, wapampando wa azimayi a pamsika wathu, akuti: "Ine ninagwirizana nabo kudala ba kampani, banipasa shopu yanga. Bazimai aba ni vipuba, bazasaina chabe." Kuwatcha anzawo vipuba, zitsiru! Ba Elesi omwe aja, amene akhala miyezi isanu akuletsa anzawo kusaina pepala lochoka pamalo pomwe kampani ina ikufuna kumanga masitolo.

Ndamvetsera kasanu ndi mahedifoni. Si iwo. Ba Elesi akamayankhula amapuma ngati akukwera chitunda, chifukwa cha chifuwa chawo chija. Uyu sapuma n'komwe. Ndi makina a AI.

Choipa kwambiri n'chakuti makina otere amafuna kudyetsedwa mawu enieni a munthu, ambiri, omveka bwino. Amene anajambula Ba Elesi maola awiri m'chipinda chopanda phokoso ndi ine. Ine Taonga, wophunzira digiri ya masitazi, wofufuza zogwira mabodza a makina! Azimayi makumi atatu anandipatsa mawu awo kuti ndiphunzitse kompyuta kusiyanitsa Chinyanja cha munthu ndi chopeka. Ndinawalonjeza kuti mawuwo sadzatuluka.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapita kumsika. Tomato wa Ba Elesi palibe womuyandikira, wina mpaka walavula pafupi ndi tebulo lawo. Loweruka azimayi akumana kuti awachotse pampando, ndipo akangochoka pepala lisainidwa tsiku lomwelo.

Ba Elesi anandigwira mkono. "Taonga, iwe unaphunzira. Mau ni yanga, koma sininakambe. Manje nizauza bwanji bantu?" Sindinawauze za mafayilo. Ndinachita mantha, ndipo ndalemba pano kuti ndisadzakane.

Mafayilowo ali ndi anthu atatu: ine, Dr. Kabaso amene amayang'anira kafukufuku wanga, ndi Webster, mnzanga wa m'kalasi amene amandithandiza kuchotsa phokoso. W. nsapato zatsopano mwezi uliwonse. Sindinena zambiri.

Lachitatu, 11 Juni

Ndatchera msampha umene Dr. K. yemweyo anatiphunzitsa chaka chatha: aliyense amene ukumukayikira um'patse chake chosiyana, uone chimene chituluke panja.

Ba Elesi akachoka, wotsatira ndi wachiwiri wawo Ba Ketty, amene kuuma mutu kwawo n'koposa. Wopeka mabodzayo awafunanso, sizingalephere. Mawu awo sindinawajambulepo. Ndabwereka dzina lawo, avomera akuseka. Ndiye ndaika fayilo yatsopano yolembedwa "Ketty" m'mafoda awiri. M'foda ya W. muli mawu a Ba Mwiche, oyandikana nafe nyumba. M'foda ya Dr. K. muli mawu a amayi anga. Azimayi onsewa ndawafotokozera. Amayi anangoti, "Nikambe chani?" n'kuyamba kudandaula za mtengo wa malasha ola lathunthu.

Pa W. ndi Dr. K. palibe amene anapondako ku Kanyama. Matope athu amawaonera pa TV, anthu athu amawadziwa ndi mayina a mafayilo basi. Sadziwa kuti Ba Ketty ali ndi mawu a besi omveka mpaka pokwerera mabasi.

Lachinayi, 12 Juni

Zii, palibe chatuluka. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. W. wandigawira mbatata yootcha, ndadya ndikumuda mumtima.

Lachisanu, 13 Juni

Uthenga wina wabodza watuluka cha m'ma 9 m'mawa, pamwamba alemba kuti "Ba Ketty nabo bagulisa!" Ndatsegula ndili m'basi ya ku tauni, ndikuyembekezera kumva Ba Mwiche.

Amayi. Amayi anga akutukwana azimayi anzawo mawu amene sanawatchulepo chibadwire. Ndinatsika basi isanafike, ndinalira m'mbali mwa msewu anthu akundiyang'ana. Ndinkadziwa kuti zingatheke, koma kuzimva ndi khutu n'kwina.

Zachokera m'foda ya Dr. Kabaso. Webster ndamuchimwira.

Ndinapita ku ofesi ya Dr. K. n'kuwayatsira mafayilo onse. Sanakuwe. Anavula magalasi n'kuti kompyuta yawo imagwidwa ndi anthu ambiri. N'zotheka, msampha umaonetsa khomo, suonetsa dzanja. Ndiye ndinati tipite limodzi ku komiti ya zofufuza, akafufuze okha. Pamenepo nkhope inasintha.

"Taonga, kwatsala masabata atatu kuti ukaimire pepala lako la digiri. Komiti ikamva kuti mafayilo atuluka iyimitsa zonse, ndipo popanda siginecha yanga digiri kulibe. Za pamsika zisiye pamsika."

Za pamsika! Ine ndinakulira pansi pa tebulo la amayi la tinsomba ta kapenta pamsika womwewo. Khoswe wakhala pa mkhate, akudziwa kuti mkhatewo ndi zaka zanga ziwiri za maphunziro. Usweke.

Kunyumba ndapeza zina. Pamsika aliyense wazindikira kuti mawuwo si a Ba Ketty, tsopano akuti amayi ndiwo atumidwa ndi kampani kuti aipitse anzawo. Abwera ndi kapenta yense mmene anapitira naye. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Unati nizakamba va malasha chabe." Izi sindinaziganizire, ine katswiri wa misampha.

Loweruka, 14 Juni

Azimayi oposa zana pansi pa shedi. Munthu wa kampani pakona, pepala lake ndi mabolopeni. Nditapempha kuyankhula wina anati, "Ka mwana ka ba Na Taonga kabwela kuteteza mai wake." Sindinakhale pansi.

Pa sipika imene ndinabwereka kutchalitchi ndinayatsa kaye amayi akudandaula za malasha. Anthu anaseka. Kenako ndinayatsa wabodza uja, n'kufotokoza mmene makina amatengera mawu a munthu n'kuwaikira zonena zina. Ba Ketty anadzuka ndi besi yawo: "Ni zoona, ninabwelekesa zina langa pa Chitatu. Wamene anapanga ivi sanizibako na mau!" Ba Mwiche nawonso anachitira umboni.

Zikanathera pomwepo, ndi kuseka. Koma ndinanena zonse: kuti za Ba Elesi zinapangidwa chimodzimodzi, kuti mawuwo anachokera m'mafayilo anga, kuti lonjezo langa ndinalephera kulisunga. Kuseka kunatha. Wa kampani anatola mabolopeni ake n'kutuluka, pepala lili loyera.

Ba Elesi atsala pampando. Anabwera pomwe ndinaima, akupuma movutika.

"Unaziba kuchokela pa Mande?"

"Ee."

"Pa Chibili unaniona nilibe wogula, wankala chabe zii?"

Sanadikire yankho langa.

"Mau yatu yali kuti manje?"

Ndinati ali ku yunivesite.

"Tinakubweleka chabe. Pa Mande uzatipeleka, tikatenge."

Lolemba, 16 Juni

Ndikulemba pa bondo, m'basi, zilembo zikuvina. Mabasi awiri, azimayi makumi atatu onse amene ndinawajambula, matebulo awo avundikira ndi masaka. Amayi ali kumbuyo ndi Ba Mwiche. Kalata ya ku komiti ili m'chikwama, dzina langa lili pamwamba pa olakwa. W. watumiza uthenga kuti atidikira pageti. Ndim'pepesa pamaso pa anthu.

Ba Elesi sanandipatse moni kuyambira Loweruka, koma mpando wa pambali pawo anausunga ndi chitenje mpaka nditakwera.

Dr. K. ayimba kanayi, sindinayankhe. Foni yaliranso tikudutsa Kamwala. Ba Elesi ayang'ana dzinalo, atambasula dzanja.

"Leta kuno. Bamveko mau yanga yeniyeni."